Ovidio Sanajambule Wopambana

Ovidio Bertolotti ankagulitsa nyama m'tauni yathu, kufupi ndi mzinda wa Tandil, koma Lamlungu la mpikisano wa magalimoto ankatseka butchala n'kunyamula kamera yakale ya filimu imene amalume ake anamusiyira. Makamera atsopano ankawakana. "Amenewo amachapa fumbi," ankatero. "Fumbi lathu ndi lofiirira, lizioneka choncho."

Munthuyu sankakhazikika. Tinkamuona pa kona, posakhalitsa ali pamwamba pa lole, kenako wagona chafufumimba m'ngalande, magalimoto akale a Ford ndi Chevrolet akumuwaza miyala. Ngakhale nyama yootcha ankadya akuyenda.

"Iwe Chidazi, akupaka chitedze?" amakaniko ankamukuwiza. Iye osacheuka.

Dalaivala wina wa m'tauni yathu, Nacho Urrutia, atapambana mpikisano koyamba, anadikira kuti filimu itsukidwe, n'kupita ku butchala kukadzionera. Ovidio anapachika nsalu yoyera pakhoma. Galimoto ya Nacho inangodutsa kamodzi ngati mthunzi. Kwina konseko kunali bambo ake a Nacho, amene anali atalumbira kuti sadzapondako ku masewera ophetsa anthuwo. Anali atabisala kuseri kwa mtengo, chipewa akuchifinya m'manja.

"Nanga kupambana kwanga kuli kuti?" Nacho anafunsa.

"Sindinakuoneni, achimwene. Nditawaona akuluwa ndinathamangira komweko."

Nacho anayang'ananso pa nsaluyo n'kunena kuti, "Tabwezanso."

Ovidio anabweza filimuyo, koma sanakhale naye pansi. Anali kale panja, akusaka woti amutenge kupita ku mpikisano wa ku Azul.