Kampando ka kumbuyo

Ndikukumbukira fungo la chitsulo chopsa pakhomo pathu ku Chinamwali, zaka zoyambirira za matipate, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anga ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, koma mtima wawo unali kuseri kwa nyumba, kumene ankapanga ndege. Inde, ndege yeniyeni, ya mapaipi opepuka, mapiko okutidwa ndi lona, ndi injini ya njinga yamoto kutsogolo. Anthu odutsa ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine sindinkaseka nawo, chifukwa kumbuyo kwa mpando wa bambo kunali kampando kena, ndipo kanali kanga.

"Phiri la Zombali tidzaliona pamutu pake, Esinati," ankatero. "Damu la Mulunguzi lidzangooneka ngati beseni."

Anandiyeza pasikelo ya chimanga n'kukonza zonse motengera kulemera kwanga. Koma ndege ya mmphawi imachedwa, paipi mwezi uno, waya mwezi wamawa. Pamene inkatha, ine n'kuti nditasinkhuka kale, ndili Fomu 1.

Tsiku loiyesa anabweretsa chipika cha paini kuchokera kwa odula mitengo kuphiri. Mothandizana ndi mnzawo, Che Saidi makaniko, anaikweza ndegeyo pachipikacho, chitapingasa pansi pa mapiko. Bambo anati ndege yabwino imakhazikika pamenepo, mutu utangoweramira pansi pang'ono. Atakhalamo okha, inakhazikikadi bwinobwino. Kenaka anandikodola. Ndinakwera, koma nditangokhala pakampando kanga, mchira unagunda pansi, gu! Mutu unaloza kumwamba.

Ine ndinaseka. Bambo sanaseke.

"Mchira ukalemera chonchi," anatero motsitsa mawu, "ndege imadzutsa mutu ikangonyamuka, mapiko n'kuleka kugwira mphepo. Imagwa ngati mwala, mwanawe."

Anasunthira batire kutsogolo, nawotcherera chitsulo cholemera kumutu, mpaka ndege inakhazikika tili awiri. Loweruka lotsatira tinaikankhira kubwalo la mpira, khamu la ana lili pambuyo. Injini inalira, fumbi linati koboo, tinathamanga bwalo lonse ndikumva mphepo m'makutu, koma matayala sanasiye nthaka. Chitsulo chija pamodzi ndi ine tinali titailemera injini. Kuseka kwa anthu tsiku limenelo sindikuiwala.

Tikubwerera, ndinamva Che Saidi akunong'ona. "Achimwene, chotsani kampandoka ndi chitsulochi. Panokha muuluka, ndikulumbira."

Ndinayang'ana pansi, kudikira kuti bambo avomere, chifukwa ngakhale ine ndinaona kuti Che Saidi sakunama.

"Mpandowu uli ndi mwini wake," anayankha bambo. "Tipeza injini yaikulu."

Injini yaikuluyo sinapezeke. Anafunsa mpaka ku Limbe, koma ayi ndithu. Ine ndinkangokulirakulira, iwo chifuwa chikuwadya. Madzulo ena ndinkawapeza atakhala m'ndegemo, dzanja lili pachiwongolero, akuyang'ana phiri. Ndinawauzapo kuti, "Ababa, yesani nokha, ine ndizionerera pansi." Anangomwetulira n'kundifunsa ngati ndatha kuwerenga.

Anamwalira ndili Fomu 4, asanaulukepo ngakhale kutalika kwa mpanda. Lona anali atang'ambika, nkhuku zikuikira pansi pa mapiko. Achibale atabwera ndi ogula zitsulo zakutha, ndinakakamira kampando kaja ndikulira ngati mwana, mpaka anachita kukadula ndi sowo n'kundipatsa. Kali pakhonde panga mpaka lero, ndipo sindilola mlendo kukhalapo.

Kaya ndege ija ikanaulukadi, sindidziwa, ndipo zimandipweteka kuti iwonso anapita osadziwa. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti vuto la katundu si kulemera kokha, komanso malo amene wamuika. Bambo anga ankadziwa bwino lomwe kuti amene akugwetsera mchira pansi ndine. Anasuntha batire, anasuntha zitsulo, anapirira kusekedwa zaka zonsezo, koma sanandiuzepo kuti nditsike.