Amene Anabwezera Bambo Makiyi

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi ili: ndani anali ndi udindo woletsa bambo anga kuyendetsa galimoto maso awo atachita ng'ala? Ndiyankha pofotokoza tsiku limene tinawaika m'manda kwathu ku Lirangwe.

Ndinadzuka kusanache. Amayi a ku mpingo anali ataimba usiku wonse mpaka mawu kusasa. Panja amuna ankawotha moto wa zitsa, ndipo adzukulu anali atapita kale kukakumba manda. Kunkazizira. Ine ndinakhala pakhonde ndi pepala la mbiri ya malemu, imene abale anandipatsa kuti ndilembe ndi kuwerenga chifukwa ndine ndinapita patali ndi sukulu.

Bambo atapuma ntchito yauphunzitsi anagula pikapu yakale. Ndi imene inkanyamula odwala, chimanga ndi mabokosi a maliro m'mudzi monse. Dokotala atanena kuti diso lawo lamanzere silikuonanso, ndinawalanda makiyi. Sabata isanathe, azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anafika kwanga ku Chileka ndi amuna awiri a kubanja kwawo. Anati mwana salanda katundu bambo ake ali moyo, ndipo pa mwambo wathu oyang'anira bambo ndi abale a kuchikazi kwawo, osati ife ana. Ndinaopa kutchedwa wolanda chuma, ndipo ndinabweza makiyiwo. Patapita miyezi itatu, bambo akukhota kuchoka mumsewu waukulu, sanaone wakabaza amene anali kumanzere kwawo. Anamuomba, galimoto n'kugwera m'ngalande. Wakabazayo anafera pomwepo. Bambo anamwalira kuchipatala mawa lake.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika wapansi, pa njinga ndi pa minibasi. Utsi wa pophikira unkalowa m'maso. Azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunditsomphola pepala lija.

"Apa pa diso ufufute. Inali ngozi basi. Ukufuna kutivula pamaso pa mpingo?"

"Azakhali, ndalemba zimene zinachitika."

"Sukulu yakuzunguza mutu iwe."

Ndinatenga pepala langa ndisanadziwe chimene ndichite. Cha m'ma teni koloko kunafika amuna atatu ovala mikanjo ndi zisoti zoyera. Anali abale a wakabaza uja, amene anamuika tsiku lomwelo la ngozi monga mwa Chisilamu, ndipo palibe wa banja lathu amene anapondako kumaliro ake. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Palibe anawapatsa mpando. Nditawaona ndinaleka kukayika.

Nthawi ya mbiri itakwana, ndinawerenga za kubadwa kwa bambo, sukulu zimene anaphunzitsa ndi ukulu wawo wa mpingo. Kenaka ndinanena kuti dokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto, kuti ine ndinalanda makiyi n'kuwabweza ndikudziwa zonse, ndiponso kuti pa ngoziyo panafa munthu wina. Ndinamutchula dzina. Azakhali anayambitsa nyimbo mokweza kuti andidule, amayi ena n'kuvomera. Ndinadikira mpaka nyimbo itatha, n'kubwereza dzinalo.

Kumanda tinapita wapansi, bokosi lili pamapewa. M'njira palibe anayenda pafupi nane. Woitana mayina a oika nkhata anali mmodzi wa amuna awiri amene anafika kwanga aja. Anaitana azakhali, mlongo wanga, akumpingo, aphunzitsi opuma, mpaka anzawo a bambo a pa bawo. Langa analidumpha. Ndinaima ndi nkhata m'manja kufikira anthu atabalalika, ndipo ndinaiika adzukulu okha akuona.

Madzulo m'nyumba munali zii. Azakhali ndi anthu awo anakagona kwina, osadikira za kusesa. Ndinakhala pa mpando wa bambo n'kulingalira zonse mwandondomeko. Azakhali anateteza mwambo, komanso galimoto imene inkawanyamulira chimanga. Mudzi unkaona mmene bambo ankayendetsera, koma unakhala chete chifukwa unkaifuna galimotoyo. Sindikuwakhululukira. Komabe amene anamva mawu a dokotala ndi makutu ake ndine, ndipo dzanja limene linabweza makiyi ndi langa.

Bambo anali ndi zaka 78. Wakabaza anali ndi zaka 31, ndipo wasiya mkazi ndi ana atatu. Mwa abale onse amene anabwera, amene ananditsanzika anali awiri. Alendo a mikanjo aja anandigwira chanza onse atatu.