Ampu ya Bambo

Chaka chimene ntchito yanga ya zamagetsi inatha ku fakitale, mtima sunkakhala m'malo. Ndinkadzuka m'mawa, kuvala ovolosi, kenako n'kumangozungulira m'nyumba yathu ya ku Kadoma. Ndinamasula ayironi yabwinobwino. Wailesi ya mkazi wanga ndinaimasula kawiri. Kachitatu anandilanda sikuludiraiva n'kuibisa mu ufa.

Bambo tinkakhala nawo. Anachokera ku Nyasalande ali mnyamata kudzagwira ntchito kumgodi wa golide, ndipo Loweruka lililonse ankaimba gitala ya hauyani mu holo ya pakomponi. Gitala imeneyi amaigoneka pamiyendo, n'kumayendetsa kachitsulo pamwamba pa nsambo, ndipo imalira ngati munthu. Gitalayo anali nayobe pansi pa bedi, koma anali atasiya kuigwira.

"Popanda ampu yake yokuzira mawu ndi thabwa chabe," anandiuza tsiku lina ataona ndikupukuta fumbi pa gitalayo. "Ampuyo ndinaisiya kwa azakhali ako ku Pfupajena, ku Chegutu, titatuluka m'nyumba ya mgodi. Kaya ilipo."

M'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Chegutu.

Azakhali ananditengera kukhola la nkhuku. Ampuyo inali pakona, ndipo thadzi linali litaikira mazira pamwamba pake. Bokosi lake chiswe chinali chitadya, nditalinyamula pansi pake panatsalira pomwepo. Pepala la sipika makoswe anali atalimaliza. Koma chitsulo cha m'kati chinalipo, ndi mavalavu asanu, timababu tagalasi timene timafiira ampu ikatentha. Awiri anali osweka.

"Mwana wa achimwene, zinyalala zimenezi ukupita nazo kuti?" anafunsa azakhali. Ndinazikulunga m'thumba la feteleza n'kuzisenza.

Mwezi wonse wotsatira ndinali pamsewu wa Kadoma ndi Chegutu. Mavalavu masiku ano sagulitsidwa m'sitolo. Wokonza mawailesi wina wa kumsika ananditumiza kwa mnzake, mnzakeyo ananditumiza kwa mayi wina wamasiye ku Gadzema amene mwamuna wake anasiya giramafoni yaikulu. Ndinayenda pakati pa maenje a okumba golide, fumbi lofiira mpaka m'mawondo, n'kupeza mayiyo akusungiramo mbale m'giramafonimo. Anandilola kuchotsa mavalavu awiri, koma ndiyambe ndamukonzera sitovu.

Kunyumba ndinalanda tebulo lodyera. Ndinajambula njira ya waya aliyense kuseri kwa kalendala ndisanamudule. Mawaya akale ankangofumbutuka m'manja. Magetsi ankabwera n'kuthima mmene afunira, ndiye kachitsulo kowotcherera nthawi zina ndinkakatenthetsa pa mbaula. Ndikakhala mphindi khumi osagwira kanthu, ndinkanyamuka kukaima pageti, kubwerera, kumasulanso pamene ndamanga kale. Mkazi wanga ankandiyankha m'Chishona akatopa nane, ndipo mwezi umenewo Chichewa chake sindinachimve.

Bokosi ndinapita nalo kwa kalipentala wina wokalamba wa ku Chinengundu, Msilamu amene makolo ake anachokeranso ku Nyasalande. Anandimvetsera ali chiweramire pa thabwa.

"Madala, ndikufuna bokosi lolimba, lotseka bwino mbali zonse," ndinatero.

"Mapulanga a masiku ano ndi utuchi womata," anatero. Analowa kuseri n'kutulutsa chitseko chakale cha mlombwa. "Ichi ndinachisunga osadziwa ntchito yake. Ubwere Lachinayi la sabata yamawa. Lachisanu usabwere."

Ndinapitako Lolemba, ndinapitakonso Lachitatu. Kachiwiriko sanandipatse moni. Anangondipatsa sandipepa n'kundilozera mbali imodzi ya bokosilo. Anali atalumikiza makona ndi mano olowana, popanda msomali ngakhale umodzi. Kutsogolo tinaika sipika ina imene ndinagula kumsika n'kukokapo nsalu ya chiguduli yoyera, kumbuyo anatseka ndi thabwa lopala bwino, lomangidwa ndi masikuluwu a mkuwa.

Tsiku loyesa koyamba magetsi anabwera masana. Ndinayatsa, mavalavu anayamba kufiira, kenako panamveka kuphulika ndipo utsi wonunkha unadzaza m'nyumba. Kapasita imodzi yakale, kachipangizo kosunga mphamvu ya magetsi, imene ndinaisiya chifukwa inkaoneka yabwino, inali itang'ambika. Bambo anali pampando wawo, sanagwedezeke.

"Inachitanso choncho pa ukwati wa kapitawo wathu," anatero. "Tinamaliza ndi ng'oma."

Panapita masabata awiri kuti ndipeze ina. Nditayatsanso, ampuyo inangong'ung'udza pang'ono ngati njuchi yakutali. Ndinalumikiza gitala n'kuigoneka pamiyendo ya bambo. Kachitsulo kawo koyendetsera kanasowa kalekale, choncho ndinawadulira kapaipi kosalala. Anakhazika dzanja, anakoka nsambo imodzi, n'kuyendetsa kapaipiko pang'onopang'ono kupita kumtunda. Mawu anakwera osaduka, ndipo mkazi wanga anatuluka kukhitchini ali ndi mthiko m'manja.

Bambo anasiya pomwepo.

"Yabanika," anatero. "Ikulira ngati munthu wa chimfine. Chotsa thabwa lakumbuyolo."

"Bambo, thabwa limenelo madala aja analipala masiku awiri."

"Ndiye akakhalire. Ampu yanga inalibe msana."

Ndinamasula masikuluwu a mkuwa aja mtima ukuwawa. Atakokanso nsambo, mawu anatuluka kutsogolo ndi kumbuyo, kugunda khoma n'kudzaza chipinda chonse. Anaimba nyimbo imodzi imene sindinaidziwe, yonena za sitima yochokera ku Beira ndi mkazi wotsala kumudzi. Analakwitsa kangapo, n'kutukwana m'Chilapalapa, chilankhulo cha pansi pa mgodi, n'kuyambiranso. Anthu oyandikana nafe anaima pampanda. Mwana wanga wamkazi, amene amamva Chichewa koma kuyankha m'Chishona, anafunsa tanthauzo la mawu ena, ndipo bambo anamufotokozera nthawi yaitali kuposa nyimboyo.

Thabwa lija ndinalibweza ku Chinengundu, chifukwa kulitaya kukanakhala chipongwe. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Kalipentalayo analitembenuza, n'kulisisita ndi chikhatho.

"Unati lotseka mbali zonse," anatero. "Ine ndinkadziwa kuti za hauyani sizitsekedwa. Ndinavinapo mu holo imene ija bambo ako akuimba, ndisanayambe kuswali mokhulupirika. Koma unabwera ndi liwiro, sunafunse."

Bambo anaimba gitalayo miyezi isanu ndi iwiri, kawirikawiri masana magetsi akakhalapo, mpaka dzanja lamanzere linakaniratu. Atatero anandiuza kuti ndiphunzire ine. Ndinayesa, koma hauyani imafuna munthu wodekha, wokhoza kuyembekeza kuti mawu amodzi athe asanayambe ena, ndipo ine ndimathamangira kutsogolo. Amene anakhala pansi n'kuphunzira ndi mwana wanga wamkazi uja. Agogo ake amamuuza pokhazika kapaipi ali pampando wawo, iye n'kumatsutsa m'Chishona.

Ine ndinamva kuti mayi wa ku Gadzema uja akufuna kutaya giramafoni yake. Sabata yomweyo ndinakaitenga pa ngolo.