Chipewa cha a Msiska Chinagona Kwathu Masiku Asanu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene boma linasamutsa bambo anga, mlangizi wa zaulimi, kuchoka ku Zomba kupita ku Hewe, m'boma la Rumphi. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo mipingo yatsopano inkaphuka ngati bowa. Wathu unali umodzi mwa timipingo timeneti. Sitinkakwana anthu makumi atatu, ndipo ambiri tinali obwera: aphunzitsi, azaumoyo, banja lathu, ndi abusa a Phiri ochokera ku Ntcheu. Tinkapemphera m'chigafa chakale cha fodya, pa matabwa osanja pa njerwa. Ukatuluka m'menemo, diresi linkanunkha fodya mpaka Lachitatu.

Eni dera anali ndi tchalitchi chawo chachikulu cha mishoni, ndipo ife ankangotitcha mpingo wa Achewa. Mwa ochepa amene analowa kwathu, olimbikira kwambiri anali a NyaMhango, mayi wa ana awiri, omwe ankamasulira ulaliki m'Chitumbuka. Amuna awo anali ku Joni, choncho iwo ankakhala pamudzi pa apongozi awo aamuna, a Msiska, mdala wamtali wosaseka wamba. A NyaMhango atadwala malungo nthawi yopalira, mpingo wonse unanyamula makasu kukawapalirira chimanga. Kalalikidwe kathu kanali komweko, chifukwa Chitumbuka chathu chinkathera pa "yewo."

Ntchito yanga Lamulungu inali yolandira anthu pakhomo ndi kuwapatsa malo. Ndinkaimva kukoma, inu! Ndinali kamtsikana kodziwadziwa, kodzimva kuti kachokera m'tauni. Abusa ankakonda kunena kuti kwathu si ngati kwina kumene amuna amakhala mbali iyi akazi mbali iyo, banja lizikhala pamodzi pamaso pa Mulungu. Mawu amenewo ine ndinawameza osatafuna.

Lamulungu lina, nyimbo zili mkati, ndinangoona a Msiska ataima pakhomo, atavala jekete, chipewa chofiirira chili m'manja. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Mdalayo anamwazamwaza maso kufuna mbali ya amuna, osaipeza, kenaka analoza njerwa yomwe inali pafupi ndi khomo.

"Apa pali bwino, mwana wane," anatero.

"Ayi agogo, banja lanu lili kutsogolo uko," ndinayankha.

Ndinawalanda chipewa mwaulemu monga ndinkaonera ku Zomba, n'kuwagwira mkono wa jekete. Akanalimbana bwanji ndi mwana pagulu? Ananditsatira. Malo otsala anali amodzi okha, pambali pa a NyaMhango, omwe ankayamwitsa khanda uku akuimba atatsinzina, monganso ankachitira ena onse. Ndinawakhazika pomwepo, mapewa awo mpaka kugundana.

A NyaMhango atatsegula maso, nkhope yawo inasintha moti mpaka lero ndimaiona. Anamutsomphola mwana kubere, anagwa pansi chogwada, n'kudzifunditsa chitenje kumutu uku akukwawira chambuyo. Khanda linalira mokuwa. Nyimbo inazilala pang'onopang'ono mpaka m'chigafamo munati zii. A Msiska anaimirira, osayang'ana munthu aliyense, n'kutuluka mwapang'onopang'ono. Chipewa chinatsala m'manja mwanga, ndipo ndinachibisa m'chikwama cha nyimbo.

Tikubwerera kunyumba, a NyaChirwa, mayi wachikulire wa mumpingo mwathu, anatifotokozera. Kumeneko mkazi wokwatiwa pamudzi sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, ndipo akakumana panjira iye amapatukira kutchire n'kugwada. Nanga kugundana mapewa bere lili pamtunda? A NyaChirwa anangopukusa mutu.

Madzulo ake bambo anandiitana. "Iwe Chisomo, anakutuma ndani kukawakhazika pamenepo?"

Ndinaona lamba ali pampando. "A NyaMhango anandikodola," ndinatero.

Bodza limenelo silinachedwe. Mayi anauza mnzawo kumjigo, ndipo pofika Lolemba masana linali litafika kwa a Msiska. Akubanja anakhala pansi n'kugamula kuti mpingo wa Achewa waphunzitsa mkazi wa mwana wawo mwano. Loweruka adzamuperekeza kwa makolo ake ku Nchenachena akaphunzirenso mwambo. Ndipo popeza ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kalekale, ana ndi a pamudzi: wamkuluyo, Tiwonge, wa zaka zinayi, adzatsala, ndipo khandalo adzalitenga likadzasiya kuyamwa.

Zonsezo ndinazimva, koma bodza langa sindinaulule. Chipewa ndinachikankhira pansi pa matiresi.

Lachiwiri abusa anapita okha ndi Baibulo, chala chili kale pa ndime yonena kuti mwa Khristu mulibe mwamuna kapena mkazi. Anawabwezera pa nkhokwe, osawapatsa ngakhale mpando. Lachitatu, kumapemphero a pakati pa sabata, eni dera onse sanabwere kupatula a NyaChirwa. Tinaimba nyimbo imodzi yokha, ndipo abusa anapemphera kuti Ambuye afewetse mtima wa a Msiska. Ine ndinati ameni pamodzi ndi anzanga, ndikudziwa bwinobwino kuti mtima wofunika kufewa unali uti.

Lachinayi mayi anandituma kumjigo. Ndinawapeza a NyaMhango akuchapa, khanda lili kumsana, Tiwonge atagwira nsonga ya chitenje chawo. Pa udzu anali atayanika timadiresi tonse ta mwanayo, ngakhale tong'ambika. Ndinafuna kubwerera koma anali atandiona kale.

"Bwera udzatunge, Chisomo, usandiope," anatero. "Ndikumuchapiriratu Tiwonge zonse kuti agogo ake asavutike sabata yoyamba."

Sanandifunse za bodza lija, ngakhale ankalidziwa. Anangondithandiza kupopa. Tiwonge anandiyang'ana n'kundiuza monyadira kuti Loweruka akwera galimoto ndi amama. Palibe amene anali atamuuza.

Ndowa ndinaisiya pomwepo. Ndinathamanga mpaka kunyumba, ndinasolola chipewa chija chitakwinyika, n'kuchiika pamiyendo pa mayi. Ndinalira mpaka mawu kumveka movutikira, koma zonse ndinaulula.

"Mayo ine, mwana iwe watipha!" anatero mayi, manja ali kumutu. Bambo anatenga lamba uja, koma a NyaChirwa, omwe mayi anawaitanitsa, anawaletsa. Anati lamba sangabweze munthu ku Nchenachena. Anati Baibulo litsale, abusa atsale, pafunika tambala ndi mawondo a mwana yemweyu.

Lachisanu m'mawa, mvula itangokata, tinanyamuka atatu: a NyaChirwa patsogolo ndi tambala, mayi, ndi ine ndi chipewa. Titafika pa nkhokwe paja a NyaChirwa anaodira, ndipo tonse tinagwada. Kuchokera pamenepo ndinayenda ndi mawondo m'matope, timiyala tikundilasa, mpaka pamene anandiuza kuti ndiime, chapatali ndithu ndi khonde. A Msiska anali pampando akusema mpini wa khasu. Amayi a pamudzi anasuzumira ali m'makhitchini. Pakhomo la a NyaMhango panali katundu womanga kale m'chitenje.

A NyaChirwa anayankhula m'Chitumbuka nthawi yaitali, kenaka anandigwira paphewa.

"Agogo," ndinatero, maso ali pansi, "a NyaMhango sanandikodole. Anali atatsinzina. Ndinakukokani ndine ndekha, ndipo kwa bambo ndinanama poopa lamba."

Kasemasema anasiya kulira. Kunangomveka tambala akupalapata m'manja mwa a NyaChirwa. Ndinkaganiza kuti akangoyambiranso kusema ndiye kuti zatha.

"Bwera nacho kuno," anatero a Msiska.

Ndinakwawa n'kupereka chipewa ndi manja awiri. Anachitembenuza, kuchiwongola pabondo, kuchiyang'ana mmene chinakwinyikira. Chichewa chawo chinali cholemera, cha kumigodi.

"Pakhomo paja ndinakuuza chiyani?"

"Munati apa pali bwino."

"Unamva?"

"Ndinamva, agogo."

"Unamva, koma unaona kuti mdala sakudziwa pokhala." Anavala chipewa chija. "Safunsa anadya phula. Koma amene wadya phula lako ndi munthu wina, masiku asanu."

Anatembenukira kwa mkazi wawo n'kunena mawu ochepa m'Chitumbuka. Sindinawamve, koma ndinaona gogoyo akudzuka, kupita pakhomo paja, n'kuyamba kumasula mfundo ya chitenje. Kuseri kwa nyumba kunamveka munthu akulira mobisa. Mayi anga nawo misozi inali chuchuchu.

Tikunyamuka, a Msiska anaitana mayi. "Tsiku lija ndinabwera kudzathokoza za munda. Sindinathokoze. Yewo chomene."

A NyaMhango anabwerera kumpingo patatha mwezi. Abusa sanasiye chiphunzitso chawo, koma m'chigafa muja munaikidwa thabwa lina kumbuyo la aliyense wofuna kukhala payekha. A Msiska sanalowe mpingo wathu mpaka imfa yawo. Ankabwera mwa apo ndi apo, n'kukhala panja pafupi ndi khomo, pa kampando kobwera nako okha. Ndinkawapatsa moni nditagwada, ndipo chipewa chawo sindinachikhudzenso.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimalandirabe alendo pakhomo la tchalitchi chathu kuno ku Mzuzu. Achinyamata amandiseka kuti ndimachedwetsa mzere, chifukwa mlendo aliyense ndimamufunsa kuti, "Mukhala pati?" n'kudikira ayankhe. Ndimawasiya aseke. Ndinaphunzira kuti ukhoza kumukonda munthu mpaka kumupalirira munda wonse, koma n'kumupwetekabe ngati sukumva zimene akukuuza za kwawo. Ndipo pamene ndalakwa, sindidikiranso Lachinayi kuti ndiulule. Ndikangochedwa pang'ono, ndimaona timadiresi ta Tiwonge tili pa udzu paja, ndi mwini wake akundiuza kuti Loweruka akwera galimoto ndi amama.