Matewera Ouma

Nthawi ili cha m'ma sikisi m'mawa, ndipo Mayi Thovu akutsukuluza kale beseni lachiwiri pampopi wa kuseri kwa nyumba za lendi. Dzinali anawapatsa ndi ana a pabwalopo, poti manja awo sauma sopo. Masana amachapira anthu olipira, koma za m'mawazi n'zaulere: matewera a khanda la mng'ono wawo, amene amakhala nawo nyumba imodzi pamodzi ndi mwamuna wake, woyendetsa basi. Palibe anawatuma. Ntchitoyo inangowapeza, monga zimapezera mkulu aliyense wodzuka msanga.

Matewera omwewo ndiwo anapulumutsa mwanayo. Asanafike msinkhu wolandira katemera, anayamba kachimfine. Bambo ake, amene nawonso ankatsokomola pang'onopang'ono, anati ndi fumbi chabe. Koma wochapa amaona zimene eni nyumba sanena. Beseni linayamba kupepuka. Matewera ankabwera ouma, pomwe timalaya tinkabwera todzaza masanzi.

"Mwanayu sakusunga mkaka," anatero Mayi Thovu.

"Alamu, inunso! Mwasanduka dokotala wa matewera?" anaseka bambowo.

"Basi yanu ikamamwa mafuta koma osatulutsa utsi, mumangoti ili bwino?"

Masana a tsiku lomwelo mwana anatsokomola mondondoza osapumira, kenako n'kungoti zii, milomo itada. Mayi ake anayamba kulira. Mayi Thovu anasiya zovala za eni zili m'madzi, ananyamula mwana, nakoka mng'ono wawo padzanja mpaka kuchipatala.

Namwino anati ndi chifuwa chokoka mtima. Atamuika mwana pa mpweya, anawafotokozera. M'njira yopumira muli titsitsi tosaoneka ndi maso, tosesa makhololo. Kachilombo ka matendawa kamamatirira pamenepo n'kutifoola. Kamatulutsanso poizoni wosokoneza maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja. Amachuluka ndithu, koma amangozungulira m'mitsempha, osatulukamo kuti akafike kumene kuli nkhondo.

"Ngati alamu anga tsiku lochapa," anatero Mayi Thovu. "Alipo, koma pampopi saoneka."

Namwino anaseka, kenako anatsitsa mawu. Mankhwala apha kachilomboko, iye anati, koma tsache la pakhosi lichedwa kumeranso, ndipo khanda laling'ono chotere limatha kuleka kupuma osalira n'komwe.

"Ndiye tisesa ndife," anayankha Mayi Thovu.

Anasesadi. Chifuwa chikayamba, ankamudzutsa mwana n'kumukhazika chilili, kumupukuta makhololo, n'kudikira mpweya ubwerere. Akangosanza, ankagwedeza mng'ono wawo kuti amuyamwitse pang'ono pomwepo, poti nthawi imeneyo ndi imene mkaka unkakhazikika. Ankasinthana tulo ngati ogawana bulangeti limodzi. Apanyumba onse anapatsidwa mankhwala, ndipo bambo a mwana, atamva kuti kachifuwa ka munthu wamkulu kakhoza kugwetsa khanda, anameza awo nthawi yomweyo. Madzulo ake anabwera kuchipatala ndi ndowa ndi sopo.

Anthu ena amene ankawachapira anatopa kudikira, anapita kwina. Mayi Thovu sanawatsate. Maso awo anali pa thewera lililonse limene ankamasula. Tsiku limene analipeza lolemera, lonyowa mpaka kudontha, analikweza m'mwamba pakati pa wodi ngati mbendera, amayi a pamabedi ena n'kuwomba m'manja.

Mwana anatuluka akutsokomolabe, ndipo chifuwacho chinatenga nthawi kuti chizimiririke. Koma lero amayamwa ngati akulipsira, masaya atuluka, ndipo akalira nyumba zonse za lendi zimadzuka. Anthu amayamika madokotala, ndipo n'zoyenera. Za beseni palibe amazitchula, mwini wakenso sazitchula.

Afinya thewera lomaliza, ayang'ana chingwe chawo. Chadzaza kuyambira pakhoma mpaka pamtengo, koma m'beseni mwatsala mulu. Pakhomo loyandikana atulukira aneba, mayi wachitsikana woyembekezera, akuyasamula.

"Eee, Mayi Thovu! Kamwana kamodzi komweko?"

"Komweko, mwanangu. Fakitale yatsegulanso." Apukuta manja pa epuloni, ayang'ana mimba ya mnzawoyo. "Wanuyo akadzabadwa, tsiku la katemera ndidzakuperekezani ndine, musadzandizembe. Koma lero ndibwerekeniko chingwe chanu, changachi chachepa."