Zitini za a Mebrahtu

Mphekesera inali yoti a Mebrahtu, mdala wopanda mano a m'mwamba, amalankhulana ndi mayi wamasiye wa kutsidya kwa msewu pogwiritsa ntchito zitini za maluwa. Zomveka ngati bodza, komatu munthu ngati iwo, amene anayendetsa basi pa msewu wa m'mapiri wa ku Massawa moyo wake wonse, sangasowe njira zokhotakhota.

Chipumireni pantchito, mkuluyu anasandutsa khonde lake la m'mwamba, kuno ku Asmara, kukhala dimba. Ankaboola pansi zitini za mafuta, kuthiramo dothi ndi manyowa a mbuzi, n'kuzikoleka ndi waya. Maluwa a petuniya ankalendewera mpaka kukhudza zipewa za odutsa. M'mawa uliwonse ankatsina ofota, kenako n'kutembenuza chitini chilichonse, maso ali kutsidya.

Akazi awo, mayi Abrehet, anazimva kutchalitchi: akuti maluwa ofiira akaloza kumsewu ndiye kuti "bwera", oyera ndiye kuti "nkhalamba yanga ilipo".

"Bambo a Saba, zitinizi mumazizunguziranji?" anafunsa mayi Abrehet.

"Dzuwa, mayi. Mbali ya kukhoma imachita dazi ngati ine."

"Nanga dzuwalo limavala mpango woyera?"

"Likanavala, bwenzi nditalipatsa moni."

Nthabwalayo inawadyetsa buledi wa injera wozizira. Mayi Abrehet analongedza zovala, nanena kuti akapeza umboni akwera basi ya ku Keren, kwa achimwene awo, osabweranso. Atatero anawoloka msewu kukamwa khofi kwa mdani wawoyo, mayi Letekidan, amene ankakhala pawindo tsiku lonse atavala mpango woyera, nkhope italoza khonde la eni ake.

Mayi Letekidan anawalandira bwino, lubani ndi mbuliwuli zomwe. Mwa mwambo wa kuno, mlendo sanyamuka khofi asanathiridwe ulendo wachitatu, choncho mayi Abrehet anakhala phee, kudikira kuti mbava ipunthwe yokha.

"Maluwa a amuna anga mumawaona bwanji, asisi?" anaponya nyambo.

"Akuti ndi okongola," anayankha mayi Letekidan.

Akuti! Kuchenjera kwake. Koma pothira khofi, mayi Abrehet anaona chala cha mnzawoyo chikufufuza mlomo wa kapu, ndipo khofi anatayikirabe pambali. Anawayang'anitsitsa m'maso: ng'ala mbee, onse awiri.

"Nanga pawindo mumafunapo chiyani?"

"Kuwotha dzuwa. Komanso amuna anu amaimba potsirira. Muwauze asinthe nyimbo, yatikwana."

Mayi Abrehet anamwa makapu onse atatu, nadalitsa nyumbayo monga mwa mwambo. Pobwerera anapeza a Mebrahtu ataimirira pampando, akutembenuza chitini cha ofiira.

"Basi ya ku Keren yakusiyani?" anafunsa mdalayo.

"Tsikani apo mungathyoke. Ndipo musiye kuimba."

Chibwenzicho kunalibe. Mayi Letekidan sanaonepo duwa la a Mebrahtu ngakhale limodzi.