Mayi Felesita Likoswe, Mphunzitsi Amene Anakana Kutchula Dzina

Mayi Felesita Likoswe, amene Ambuye awaitana mwezi wathawu, anabadwira ku Thyolo m'banja la anthu othyola tiyi. Anabatizidwa ali khanda, ndipo ali mtsikana ankathandiza akatekisiti kuphunzitsa ana a Tilitonse. Anakula m'nthawi imene anthu ankanong'ona ngakhale m'nyumba zawo zomwe. Mlongo wawo wamkulu ananena nthabwala ina pamsika, mawa lake kunabwera galimoto kudzamutenga, ndipo sanaonekenso. Pamudzi palibe amene anayerekeza kufunsa.

Atamaliza maphunziro a uphunzitsi anagwira ntchito ku Luchenza zaka zambiri. Amuna awo, a Yakobo, atadwala kuno ku Joni, anabwera kudzawadwazika mpaka kuwaika m'manda. Kumudzi sanabwerere. Anayamba kuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu, ndipo Lamulungu ankawerenga Mawu pa Misa yathu ya Chichewa.

Patapita nthawi a Ambrose, omwe ndi apampando a khonsolo ya parishi yathu, anawalemba ntchito pasukulu yawo, imene ili pamwamba pa nyumba ina yosanja ku Joubert Park. Ana ambiri apamenepo ndi a ife obwera. Mayi Felesita ankawaphunzitsa Chingerezi, komanso ankawauza kuti malamulo a dziko lino amalola munthu aliyense kulankhula ndi kulemba zoona, kaya ndi mwana kaya ndi mlendo. Ankati: "Mulungu sanakupatseni lilime kuti muzingonyambitira zala."

Anawo anayambitsa kanyuzipepala ka tsamba limodzi, kamene ankamata pakhoma Lachisanu lililonse. Poyamba munkangokhala za mpira ndi ndakatulo. Kenako mtsikana wina, Nadia, mwana wa banja lachisilamu la ku Mangochi, analemba kuti khomo lothawira pakabuka moto linali lomangidwa ndi tcheni, moti ana onse akhoza kupsera m'makalasi. Dzina lake sanaikepo. Makolo ena atamva anayamba kufunsa mafunso.

A Ambrose anang'amba tsambalo n'kuitanitsa Mayi Felesita ku ofesi.

"Walemba izi ndani?"

"Mwana wa sukulu yanu, bambo, ndipo sananame. Tiyeni tikaone limodzi tchenicho."

"Tchenicho ndinaika chifukwa cha matsotsi. Ine ndikufuna dzina. Ndione ngati makolo akewo ali ndi mapepala okhalira muno."

"Dzina ndikulidziwa, koma sinditchula."

"Ndinakutolani mukuchapa zovala za anthu, amayi."

"Ndikukumbukira, ndipo ndinathokoza. Koma mwana sindimupereka."

Tsiku lomwelo anachotsedwa ntchito, kanyuzipepala nako kanaletsedwa. Sabata yotsatira khonsolo inawauza kuti ayambe apuma kuwerenga Mawu m'tchalitchi kufikira nkhani itazizira. Nkhaniyo sinazizire mpaka imfa yawo. Anthu amene ana awo anaphunzira kuwerenga m'manja mwa mayiwa anayamba kuwalambalala pakhomo la tchalitchi, poopa kuti apampando angawaone. Ena ankanena poyera kuti kudziko la eni munthu amadya ali chete.

Mayi Felesita sanasinthe parishi. Ankakhala pabenchi lakumbuyo, kolona ili m'manja, ndipo pokalandira Ukalistia ankaima pamzere umodzi ndi a Ambrose. Pamkati pa sabata ankagulitsa nthochi ndi mtedza kunja kwa siteshoni ya sitima ya Park Station, mphepo ya Juni ikuwalowa m'mafupa, apolisi a mzinda akuwathamangitsa pamodzi ndi anzawo. Wina akawafunsa ngati sanakwiye, ankayankha kuti: "Ndinakwiya, ndipo ndimakalapa mwezi ndi mwezi. Koma zimene ndinachitazo sindinalapepo."

Chifuwa chitawagwetsa, anagona m'kachipinda kawo ku Troyeville. Amene ankawasambitsa ndi kuwaphikira phala anali Nadia, yemwe tsopano amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Tsiku lina anawauza akulira kuti akanangodziulula, aphunzitsi ake sakanavutika chonchi.

"Iwe ntchito yako unaigwira, unalemba zoona," anatero mayiwo. "Yotsalayo inali ya akuluakulu. Ndi ife tinalephera."

Analandira sakramenti la odwala Loweruka m'mawa, ndipo masana ake anatsirizika mwakachetechete, ngati munthu wogona atatopa.

Pa Misa ya maliro a Ambrose analankhula m'malo mwa parishi. Anati tataya mayi wofatsa amene sanakanganepo ndi munthu. Nadia anapempha kuti anenepo mawu ochepa, koma anauzidwa kuti nthawi yatha. Tcheni chija chikadali pakhomo paja, ndipo ana athu amakwerabe masitepe amenewo m'mawa uliwonse.

Mzimu wa Mayi Felesita uuse mumtendere, ndipo Ambuye atipatseko pang'ono kulimba mtima kwawo. A khonsolo ataona mbiriyi isanasindikizidwe anandipempha kuti ndichotse ndime zonse za sukulu, nditsirize ndi za kolona ndi kufatsa. Ndazisiya momwemo.